Mtsikana wakwana zaka 18, omwe amamulera akusamuka, timuthandize bwanji?

MayiWaMvano_Chilomoni

Moni nonse pagulu pano. Pepani ndilemba zambiri koma nkhaniyi yandisowetsa tulo, nde ndati bola ndifunse konkuno poti muli anthu osiyanasiyana, ena munagwirapo ntchito za ana, ena muli kunja mwaona zambiri.

Kumpingo kwathu kuli mtsikana wina, dzina sinditchula, wangokwanitsa zaka 18 mwezi wathawu. Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka 6, bambo ake palibe amawadziwa, nde anakhala kaye kumalo ena osamalira ana amasiye zaka ziwiri, kenako banja lina la mumpingo mwathu momwemu linamutenga kudzera ku social welfare, zonse mwadongosolo mapepala anasaina. Si abale ake ayi, anangomutenga mwachifundo basi, ndipo kunena zoona amulera bwino, sukulu wafika fomu 4, MSCE wakhoza ngakhale mapointi ndi ochulukirapo, 34.

Vuto lili apa. Bambo a pakhomopo anatisiya chaka chatha, mayi aja nawo thupi silikuyenda, BP ndi shuga, nde ana awo agwirizana zoti awatenge akakhale kwa mwana wawo wamkulu ku Lilongwe, nyumba ayiyike pa lendi. Za mtsikanayu palibe akunena poyera, amangoti wakula tsopano aona chochita. Mayiwo akulira chifukwa amamukonda koma mphamvu alibe, nawonso akukasungidwa kwa eni ake.

Ife amayi a Mvano tasonkherana yakwana K420,000 koma tagawanika patatu. Ena akuti timugulire makina osokera ndi kumulipirira lendi miyezi itatu. Ena akuti mayi wina wa mgulu mwathu amutenge azikhala naye azithandiza ntchito zapakhomo, kudya ndi kugona ulere. Enanso akuti tifufuze kwawo kwa mayi ake, akuti ndi cha ku Thyolo, tikamutule kwa abale. Mwini wake tikamufunsa amangoti chilichonse chomwe mungaone amayi, maso ali pansi. Tatsala ndi masabata 6 kuti asamuke. Tichite chani abale?

Mjomba265

Mayi mwachita bwino kusonkha koma tisakulitse nkhani. Zaka 18 ndi munthu wamkulu ameneyo, ena tinayamba kudzisakira tokha tili ndi 15 makolo ali moyo akutiyang'ana. Mugulireni makinawo mumupezere kachipinda basi azionera yekha, dziko lino aliyense akuvutika kkkk ana a makolo omwe ali pa lova ndi madigiri awo.

Wowotcherera_Ndix

Mjomba ndakumvani koma pali kusiyana, inu munkasaka muli ndi 15 koma madzulo mumabwerera kwanu, geni ikagwa mumakadya kwa mayi anu olo akutukwaneni. Ife ena geni ikagwa umagwa nayo limodzi.

Mayi ine ndinakulira ku orphanage kuyambira ndili standard 2 mpaka ndinatuluka ndili ndi 19, nde zomwe akumva mtsikanayo mmimbamo ndikuzidziwa, ndipo mawu ajawa oti chilichonse chomwe mungaone musawatenge ngati wavomera, ife tinaphunzira kuyankha choncho chifukwa kuyambira uli mwana umadziwa kuti ukukhala pachifundo cha anthu, ukanena zomwe ukufuna umaopa aziti ndiwe osayamika.

Tsiku lomwe ndinatuluka anandipatsa matiresi, bulangete, mapoto awiri, ndowa, ufa ndi bokosi la zipangizo poti ndinali nditaphunzirako zowotcherera. Anandilipiriranso lendi miyezi itatu, chimodzimodzi pulani yanuyo. Galimoto inanditula pa kachipinda kena ku Ndirande cha kuseri kwa msika, anandipempherera, anajambula chithunzi, anapita. Ine pakhomo poima ndi ndowa mmanja.

Mudziwe kuti moyo wanga onse ndimadya pa belu. Belu likalira phala, belu likalira nsima. Sindinagulepo mchere, sindimadziwa kuti sopo amatha, sindimadziwa kuti mtengo wa tomato amanenerera, ndinkapereka ndalama yomwe wogulitsa wanena koyamba mpaka amayi a pamsika anandidziwa, ndikamabwera amachita kundiyitanira. Usiku oyamba ndinakanika kuyatsa mbaula, machesi bokosi lonse kutha, mpaka mayi wina woyandikana naye amene amandionera pakhonde anaseka kenako anabwera ndi kajumbo nkukayatsa pakati pa makala, amvekere mwana iwe kwanu nkuti kosadziwa mbaula. Ndinangoti kutali. Ndinachita manyazi kunena.

Kenako anzanga a mderamo atangodziwa kuti pali mfana ali ndi den yakeyake komanso thumba la ufa, aaa ndinapeza abale ambirimbiri. Ine kukondwa kuti ndapeza anthu poti ndinazolowera kugona mchipinda cha anthu 12, chete wa usiku amandiopsa. Ufa wa miyezi iwiri unatha masabata atatu, ufa utatha nawo ubale unatha. Mwezi wachinayi landilodi pakhomo, ndinagulitsa grinder. Wachisanu ndinagulitsa bokosi lonse. Nde mukamati makina osokera ine ndikuona kale makinawo ali pamsika wa Limbe mwezi wachisanu, osati poti mwanayo ndi oipa ayi, koma njala ndi lendi sizidikira kuti upeze makasitomala.

Chomwe chinandiwawa kwambiri si njala. Ndinapeza ganyu pa kampani ina yomanga, anatipatsa fomu, penapake analemba next of kin, kutanthauza m'bale wako wapafupi. Anzanga akulemba fasiti fasiti ine cholembera chili mmwamba. Mapeto ake ndinalemba dzina la agadi a pageti ku orphanage kuja poti ndi okhawo ndinali ndi nambala yawo pamtima. Ndi Khirisimasi yoyamba, anthu onse a pa plot anapita kumudzi ena kwa achibale, ine ndinatsala ndi galu wa landilodi, tinagawana mabanzi.

Amene anandidzutsa ndi mdala wina wowotcherera mmbali mwa msewu, anandiona ndikungozungulira pa shedi yake nkunditenga kuti ndizimugwirira zitsulo. Ndalama amandipatsa yochepa kwambiri, nthawi zina osandipatsa, komanso amakalipa heve. Koma akazi awo Lamulungu lililonse amandisungira mbale. Ndibwere ndisabwere mbale imakhala yovindikira pa tebulo, ndikajomba Lolemba mdala amandifunsa kuti dzulo unali kuti, mayi ako akudandaula. Mawu amenewo oti mayi ako, ndinapita kuseri kwa shedi kukalira ngati mwana. Ndi mdala yemweyo anandiimira unkhoswe pomwe ndimakwatira, akuchikazi atafunsa kuti kwawo kwa mnyamatayu ndani, anaimirira iyeyo.

Nde funso langa kwa inu amayi a Mvano, mwa nonsenu ndani amene azimusungira mbale? Osati gulu, gulu limasonkha kamodzi kenako kumabwera maliro ena, ukwati wina, paper Sunday, mwana uja waiwalika. Munthu mmodzi.

Za kumutenga kuti azithandiza pakhomo ndikuopa. Asisi angapo omwe tinakulira limodzi anapita choncho, poyamba amati ndi mwana wathu, pakutha pa chaka ndi amene amadzuka 4 koloko, malipiro palibe poti ndi mwana wathu, sukulu palibe poti ndalama zavuta, tsiku lomwe ndalama yasowa mnyumba oyamba kumuloza ndi iyeyo.

Mjomba265

Eee achimwene mwandigonjetsa, za next of kin zo sindinaziganizepo. Ndabweza mawu.

AntiWaAna

Mayi zikomo pobweretsa nkhaniyi. Ine ndinagwirapo ntchito yoteteza ana mmidzi kwa zaka zingapo, nde ndiyankhula za mapepala poti achimwene a ku Ndirande za mumtima anena kale.

Ndalamayo musayigwiritse kaye. Choyamba pitani ku ofesi ya social welfare komwe anasainira, mupite ndi mayi omulerawo asanasamuke komanso mtsikanayo, mukapemphe kuona file yake. Kulera mwana osakhala wako mwalamulo kumayendera lamulo lija la 2010 la Child Care, Protection and Justice Act, nde ngati zinadutsadi kumeneko payenera kukhala polembedwa dzina la mayi ake, mudzi, mfumu, T/A, amene anamubweretsa ndi chifukwa chake. Mayi akangopita ku Lilongwe kenako Mulungu nkuwatenga, mbiri yonse ya mwanayu yapita nawo. Muwakhazike pansi afotokoze zonse zomwe akudziwa wina azilemba mu kope, olo kujambula mawu pa foni.

Kumbukiraninso kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi osakwana zaka 18. Kutanthauza kuti iyeyu pamaso pa boma ndi wamkulu, simungamutumize kulikonse iye asakufuna, komanso mbali inayi ana a mnyumbamo palibe chowakakamiza kumusunga. Ine zaka zonse ndinagwira ntchitoyi sindinaonepo mwana otuluka mmanja mwa omulera akupatsidwa kanthu koyambira ndi boma, zimangodalira mpingo, mabungwe ndi anthu ngati inuyo. Mtukula Pakhomo musawerengere, amasankha mabanja osaukitsitsa omwe alibe munthu otha kugwira ntchito, mtsikana wamphamvu zake okhala yekha sangalowemo.

Chachiwiri ID. Munthu amalembetsa ku NRB akakwana 16, nde mufunse ngati ali nayo mmanja, osati zoti analembetsa, ayi muyione ndi maso. Popanda ID sangalembetse SIM mdzina lake, Mpamba kapena Airtel Money ayi, akaunti ku banki ayi, ntchito yolembedwa imavuta. Satifiketi ya MSCE kapena notification akatenge kusukulu, buku la kuchipatala, kalata ya ubatizo, zonse mupange fotokope zina zikhale kwa mmodzi wa inu. Ana awa amasamukasamuka nde mapepala amatayika.

Za ku Thyolo. Kufufuza abale nkofunika, ndipo boma ndi UNICEF akhala akulimbikitsa zoti ana azibwerera kwa achibale mmalo mokulira mma orphanage, koma zimenezo zimachitika pang'onopang'ono, kuyendera kaye kangapo, osati kufika ndi chikwama nkumusiya. Kumene kuja ambiri mwana ndi wa kuchikazi, nde kwa mayi akeko ndi kwawo ndithu, amalume ake ndiwo eni mbumba, ndipo ngati mayi ake anali ndi kamunda mwachikhalidwe iyeyu ali ndi gawo. Apa nde povuta pake. Thyolo malo ndi ochepa, ma estate a tiyi anatenga gawo lalikulu, anthu akulimbirana kandime kakang'ono, nde mtsikana ongotulukira patatha zaka 12 ena samuona ngati mwana wa malemu mchemwali wawo, amamuona ngati wabwera kudzalanda munda omwe akhala akulima. Pitani ngati alendo, shuga ndi sopo mmanja, mukaonekere kwa amfumu, adziwane, aone manda a mayi ake, madzulo mubwerere naye. Za munda musazitchule ulendo oyamba. Ngati mutamva kuti malemu anasiya katundu kapena ndalama anthu nkugawana, kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu pa lamulo la chuma cha masiye la 2011, koma zimenezo nzapatsogolo, ndipo mwini wake ndi amene anganene ngati akufuna kuzitsata.

Chomaliza, bwanji aliyense akangomva mtsikana amathamangira makina osokera? Matelala ali pakhonde la sitolo iliyonse, kaunjika nayenso anawapha msika, amene akudya ndi okhawo ali ndi oda ya mayunifomu. Munamufunsa ngati amakonda kusoka? Ndi MSCE yake atha kufunsira malo kudzera ku TEVETA, kuli Soche Technical konkuno ku Limbe, Nasawa ku Zomba, komanso ma community technical college mmaboma, ndipo atsikana amawalimbikitsa kulowa zamagetsi, za mapaipi, zomangamanga. Ngati mtima wake uli ku university atha kubwereza MSCE pa open school kuti atsitse mapointi, akasankhidwa kuli loan board ija ya ophunzira osowa. K420,000 ingagwire ntchito yaikulu ngati fizi ndi thiransipoti kusiyana ndi chitsulo chongokhala pakona.

NaPhiri_Leeds

Moni amayi, ine ndili ku England ndipo ndine foster carer kuno kwa zaka zingapo tsopano, ndimalandira makamaka achinyamata a zaka 14 kupita mtsogolo omwe anthu ambiri amawakana. Ndifotokozeko mmene zimayendera kuno, osati kuti tizifanizira poti ndalama zake sitingazipeze kumudzi, koma pali zina zosafuna ndalama.

Kuno anazindikira kuti kumutulutsa mwana tsiku la birthday ya 18 kumawononga zonse zomwe mwamanga. Nde mu 2014 anakhazikitsa zomwe amati Staying Put, mwana ngati iye ndi omulera agwirizana atha kupitiriza kukhala pakhomo pomwepo mpaka 21, khansolo imathandizako ndalama. Akafika 16 amayamba kumulembera pulani, amati pathway plan, akakhala kuti, sukulu kapena ntchito, ndalama azisunga bwanji, akadwala aimbira ndani, ndipo amalemba naye limodzi mwini wakeyo. Amamupatsanso munthu mmodzi otchedwa personal adviser amene atha kumamuthandiza mpaka 25. Akamalowa nyumba yake pamakhala ndalama yogulira katundu, pano ndi £3,000, opita ku university amalandiranso £2,000 yapadera.

Mukamva choncho muziti basi ana akuno ali pabwino. Ayi ndithu. Ndawaona ena atapatsidwa flat yabwinobwino, firiji, bedi, makatani, koma pakutha miyezi 6 ngongole ya magetsi, makalata osatsegula ali mulu pakhomo, anzawo oipa asandutsa nyumbayo pochezera, mwana osatuluka mchipinda sabata yathunthu. Zomwe zija anena achimwene a ku Ndirande za ufa, kuno zimachitikanso chimodzimodzi kungoti ndi pizza kkkk. Mnyamata wanga oyamba, mzungu, anachoka ali ndi 20, pano ali ndi 24 amagwira ntchito mu warehouse, koma mpaka lero amaimba kufunsa zinthu zoti ukamva umaseka, nkhuku yakhala mu firiji masiku 5 ndidye? kalata iyi ikutanthauza chani? Ndipo Lamulungu lina amangotulukira kuti auntie nsima ilipo, amadya ndi manja kuposa ana anga. Kiyi wa pakhomo panga sindinamulande.

Nde maganizo anga ndi awa. Nyumba ikuyikidwa pa lendiyo ilibe boys quarter kapena kachipinda kakuseri? Ngati ilipo pitani kwa mwana wamkuluyo, osati pa WhatsApp, maso ndi maso ndi abusa kapena mkulu wampingo amene amamulemekeza, mukamupemphe kuti kachipinda ako asakayike pa lendi chaka chimodzi kapena ziwiri. Musakamuyankhule ngati munthu oipa, nayenso wasenza mtolo wa mayi ake odwala. Mumuonetse kuti zimuthandiza, pakhala munthu wake oyang'anira malo, oona ngati alendi akuwononga, otumiza uthenga paipi ikaphulika. Mtsikanayo akhala mdera lomwe akulidziwa, mpingo omwewo, aneba omwewo, akuphunzira kudziphikira ndi kugula magetsi ake koma asali pakati pa alendo. Imeneyo nde Staying Put yathu yachimalawi.

Komanso ubale wake ndi mayiwo usadulidwe. Muikeko kandalama ka basi koti pa holide azipita ku Lilongwe kukawaona, olo masiku atatu. Anawatcha amayi zaka 10, sizingathere pa depoti.

MwanaWaKwaAnthu

Ine nditsutseko pang'ono za kukhala kwa munthu. Sikuti nthawi zonse zimaipa, ine ndinakulira kwa anthu, ndimatsuka mbale ndimachapa koma anandiphunzitsa mpaka ndine nurse lero. Ana a mnyumba nawonso amachapa. Vuto limabwera pomwe simunanene poyera kuti akubwera ngati ndani. Ngati ndi mwana, apite kusukulu ndipo ntchito azigawana ndi ana ena onse. Ngati ndi wantchito, alipidwe pamwezi, akhale ndi tsiku lopuma, boma linaika malipiro ochepetsetsa a antchito a mnyumba. Koma zapakatikati zija, mwana pa nthawi ya malipiro wantchito pa nthawi ya ntchito, izo nde ukapolo. Mayi akufuna kumutengayo mufunseni pamaso pa gulu kuti fizi alipira? Mukaona akuyamba kukanda mmutu mwadziwa.

Ndipo wina ayankhule naye za azibambo mosabisa mawu. Mtsikana okhala yekha osowa ya lendi, ena amanunkhiza patali, ena ndi a mumpingo momwemo pepani kunena. Adziwe kuti atha kubwera kwa inu ndi vuto lililonse olo lochititsa manyazi osaopa kuti mawa likhala pa guwa. Nambala ya 116 ija ndi yaulere akhale nayo, komanso adziwe komwe kuli victim support ku polisi.

Mfana_wa_pa_Joni

Chimodzi chokha mayi. Akubwera anthu omuuza kuti tiye ku Joni kuli ntchito za mnyumba, thiransipoti udzabweza ukayamba kulandira. Ana opanda owafunsa ndi amene amawafuna kwambiri poti akasowa palibe oyimba foni. Kuno popanda mapepala ndi kuthawathawa, ukagwidwa ndi ku Lindela, komwe amatsekera anthu oti abwezedwe kwawo. Asayerekeze pakali pano. Kuno mwana wa foster boma limapereka grant ya SASSA ndipo ngati akadali pasukulu amatha kuwonjezera mpaka 21, koma izo nza ana akonkuno, iyeyo sizimukhudza.

MayiWaMvano_Chilomoni

Abale ndabweranso, pepani ndinasowa masiku angapo ndimathamangathamanga. Ndawerenga zonse, za achimwene a ku Ndirande ndinawerengera amayi anzanga Lachinayi, ena misozi.

Ndinachita zomwe munanena, sindinamufunse pagulu. Ndinamutenga kuti andiperekeze kuchigayo, pobwerera tinakhala pakhonde kwathu tikusankha nyemba, ndinangoyamba kumuuza za ine mmene ndinavutikira nditangokwatiwa osadziwa kuphika nsima ya anthu ambiri, tinaseka, kenako anayamba kumasuka yekha. Kusoka sakufuna olo pang'ono, akuti singano imamutopetsa. Akufuna zamagetsi!! Kani ndi iyeyo amakonza ma socket ndi ma extension pakhomopo, malemu bambo aja ndi amene anamuphunzitsa, mpaka ali ndi ka tester kawo amakasunga mchikwama. Zaka zonsezi ife osadziwa, timangomuona akuyimba kwaya.

Ku Thyolo akuti kukakhala ayi akuopa, sadziwako aliyense, koma manda a mayi ake akufuna kukawaona, akuti amalota za zimenezo koma amaopa kunena kuti mayi omulerawo angamve ngati sakuyamika. Nditawauza mayiwo analira, amvekere bwanji osandiuza mwana wanga ndikanakuperekeza ndili ndi mphamvu.

Anti, file tayipeza, tinapita kawiri koma tayipeza, mudzi ndi mfumu zalembedwa, palinso dzina la munthu amene anasaina ngati malume. ID ali nayo koma SIM yake inalembetsedwa mdzina la malemu bambo aja, nde Lolemba tikukagula ina. Asisi a ku Leeds Mulungu akudalitseni, kachipinda kakuseri kalipo, amasungiramo makasu ndi njinga yakutha. Tinapita ndi abusa mwana wamkuluyo atabwera weekend, poyamba anauma, amvekere ndalama ya lendi ndi ya mankhwala a mayi, koma mkazi wake ndi amene anatithandiza, anati kachipinda kopanda siling'i ako angapereke zingati munthu. Wavomera chaka chimodzi, madzi azigawana ndi alendi, pakatha chaka tidzakambirananso. Sindinakhutire kwenikweni koma bola.

Mayi amene amafuna kumutenga uja wakhumudwa, akuti tamuyesa munthu ozunza, pa nkhani ya fizi anangoti tiona. Panopa sakundiyankha moni bwinobwino koma zitha.

Ndalama tagwirizana kuti isaperekedwe yonse, ikhale kwa msungichuma, tichotsepo yokonzera chitseko ndi loko, ufa ndi ndiwo pamwezi, yotsala idikire fizi. Tamulowetsanso mu banki mkhonde yathu kuti aziponya olo kochepa, Loweruka azithandiza mwana wa mchemwali wanga amene amapanga wiring mmanyumba, aziphunzirako podikira. Za mbale ya Lamulungu ndatenga ine, ndawauza kale bambo a kunyumba, anangoti bola asamadzatenge remote.

Funso latsala, amene akudziwa nthawi yomwe a TEVETA amatulutsa ma advert andiuze ndisaphonye. Komanso bedi alibe, lomwe amagonera akuti likupita ku Lilongwe.

AntiWaAna

Ma advert amatuluka mu nyuzi komanso pa page yawo ya Facebook, koma osadikira, pitani ku ofesi yawo ya Blantyre kapena pa Soche pomwepo mukafunse, mtsikanayo akafunse yekha inu muli pambali. Ku Thyolo mukamapita mutengeko bambo mmodzi wachikulire, ndipo muyambe mwatumiza uthenga kwa amfumu, osangotulukira.

Wowotcherera_Ndix

Bedi ndipanga ine mayi, ndili ndi ma square tube otsala pa geti ina, mungogula thabwa. Mbaula ndimupatsanso. Koma musabwere ndinu, mumutume yekha akwere minibus adzandipeze, ndikamuonetse mayi amene amagulitsa makala osanyowetsa, ndipo anenerere yekha mtengo wa kabaza onyamula bediyo ine ndili chete. Ndakutumizirani nambala ku inbox. Abwere Loweruka mmawa magetsi asanazime, ka tester ako abwere nako, extension ya pa shedi pano yayamba kuchita shock.